Nthochi zidapita ndi chisaka, kodi malalanje nawo tiwataye?

Munthu wochokera ku Limbe kulowera ku Thyolo akangodutsa msika wa Bvumbwe, maso ake amathera pa minda ya tiyi yomwe yayala m'zitunda ngati mphasa yobiriwira. Ndi ochepa amene amaona mitengo ya mandimu, malalanje ndi manachesi yomwe ili kuseri kwa nyumba za m'makomboni ndi m'midzi yozungulira maesiteti, umodzi apa, iwiri apo. Mitengo imeneyi sibweretsa ndalama zakunja monga tiyi ndi makademiya, koma zipatso zake zimapsa m'miyezi yozizira, nthawi yomwe tiyi wachepa m'munda ndipo ambiri mwa othyola tiyi ali pakhomo kudikira dzinja. Ndizo zimagula mchere, sopo ndi makope a ana.

Amene angapatuke n'kutembenuza masamba anthete a ndimu m'madera okwera ngati amenewa, kawirikawiri amapeza timatuza tambirimbiri, ngati tsamba ladwala nthomba. M'timatuzamo mumakulira ana a kachilombo kouluka, kakang'ono ngati nsabwe za m'mbewu, komwe akatswiri amakatcha Trioza erytreae. Pakokha kachilomboka sikapha mtengo. Choopsa ndi katundu yemwe kamanyamula: bakiteriya woyambitsa matenda a greening, omwe alimi a malalanje padziko lonse amawaopa kuposa matenda ena onse.

Dziko la Malawi lili kale pamndandanda wa maiko omwe muli kachilomboka komanso mtundu wa mu Africa wa matendawa. Chatsopano n'chakuti mtundu wina wochokera ku Asia, womwe ndi waukali kwambiri, walowa kummawa kwa Africa, ndipo kachilombo kofalitsa mtunduwo kadapezeka kale ku Tanzania. Kafukufuku waonetsanso kuti bakiteriyayu ali ndi abale ambiri ofanana naye zedi, moti ngakhale makina a m'labotale adanamizikapo. Kwa boma la Thyolo, lomwe lidataya nthochi zake ndi chisaka, kudziwa dzina lenileni la mdani yemwe ali m'munda ndi nkhani ya m'thumba ndi m'mbale.

Matenda obisala m'mitsempha

Bakiteriya wa greening amakhala m'timitsempha tomwe timatenga chakudya kuchokera m'masamba kupita kumizu ndi kuzipatso. Akachuluka, timitsemphato timatsekeka, mizu imayamba kufa ndi njala, ndipo mtengo umafooka pang'onopang'ono. Masamba amachita mawanga achikasu osalongosoka, mbali imodzi ya tsamba osafanana ndi inzake. Apa ndipo alimi ambiri amasokonezeka, chifukwa mtengo wosowa michere ya m'nthaka monga zinki umachitanso chikasu, kungoti chikasu chake chimafanana mbali zonse ziwiri za tsamba. Mlimi amagula feteleza, kuthira, n'kudikira, koma mtengo osasintha.

Zipatso nazo zimaulula. Zimakhala zazing'ono, zopendekera mbali imodzi, njere zake zakuda ndi zofota, madzi ake owawa, ndipo zambiri zimayoyoka zisanakhwime. Kunsi kwa chipatso kumakhalabe kobiriwira ngakhale nthawi yakupsa itakwana. N'chifukwa chake alimi a ku South Africa, omwe adayamba kuona matendawa cha m'ma 1928 ndi 1929, adawapatsa dzina la greening. Ku China amawatcha huanglongbing, dzina lomwe akatswiri adalivomereza mu 1995 kuti ligwiritsidwe ntchito padziko lonse.

Matendawa amayenda m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kumezanitsa: katswiri wa ku China, Lin Kung Hsiang, adalengeza mu 1956 kuti kanthambi kotengedwa pamtengo wodwala kamapatsira mtengo wabwino. Yachiwiri ndi tizilombo toyamwa madzi a masamba, ndipo mu 1965 akatswiri a ku South Africa adatsimikiza kuti Trioza erytreae ndiye wofalitsa matendawa kuno. Mpaka lero mankhwala ochiza mtengo wodwala palibe. Choipa china n'chakuti mtengo ukhoza kukhala ndi bakiteriya kwa miyezi yambiri, pena kupitirira chaka, ukuoneka wathanzi, uku tizilombo tikutapa matenda n'kukagawira mitengo ya anansi. Mbande yobiriwira bwino yomwe yagulidwa m'mbali mwa msewu ikhoza kukhala itadwala kale.

Bakiteriyayu sadathekebe kumuweta payekha m'mbale ya m'labotale monga amachitira ndi mabakiteriya ambiri. Choncho njira yodalirika yomudziwira ndi kuyeza chibadwa chake, chomwe ndi DNA. Apa ndipo pagona nkhani.

Banja limodzi, makhalidwe osiyana

Anthu a ku Thyolo ndi Mulanje safunika kuwaphunzitsa kuti mbewu zooneka zofanana zikhoza kusiyana m'chibadwa. Kwa mlendo, tiyi ndi tiyi basi. Koma kapitawo wa paesiteti amadziwa kuti SFS 150 ndi PC 108, mitundu yomwe idachokera kumalo ofufuzira za tiyi m'boma la Mulanje, imasiyana kapiriridwe ka chilala, kakololedwe ndi kakomedwe. Mabakiteriya a greening alinso chimodzimodzi.

Mu 1994 akatswiri a ku France adaonetsa kuti bakiteriya wa ku Africa ndi wa ku Asia ndi mitundu iwiri yosiyana ya banja la Liberibacter. Wa ku Africa, wotchedwa africanus, sapirira kutentha. Amasangalala pomwe kukuzizira madigiri apakati pa 20 ndi 25, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 30 kwa nthawi yaitali, zizindikiro zake zimazilala. Kachilombo komunyamula nako sikapirira dzuwa, poti mazira ndi ana ake amafa kukatentha ndi kuuma. Wa ku Asia, wotchedwa asiaticus, amapirira mpaka madigiri 35 ndipo amapha mtengo mofulumirirapo. Womunyamula wake ndi kachilombo kena, Diaphorina citri, komwe kamakonda malo otentha ndipo sikasiya timatuza pamasamba.

Zomwe zidachitika ku Brazil zikuonetsa kusiyana kwa mphamvu kumeneku. Matendawa atapezeka ku São Paulo mu 2004, mitengo yambiri inali ndi mtundu wachitatu, americanus. Patangopita zaka zochepa, mtundu wa ku Asia udalanda malo ndipo winawo udatsala pang'ono kuzimiririka. Ku Florida, m'dziko la America, kachilombo ka ku Asia kadapezeka mu 1998 ndipo matenda adatsatira mu 2005. Dera lomwe lidakolola mabokosi a malalanje 242 miliyoni m'nyengo ya 2003/04 lidakolola osakwana 20 miliyoni m'nyengo ya 2022/23. Mphepo zamkuntho ndi kumanga nyumba m'minda zidathandizira kugwaku, koma gwero lalikulu ndi greening. Awa ndi alimi okhala ndi ndalama, ndege zopopera mankhwala ndi mayunivesite, koma adagonja.

Ngakhale mkati mwa mtundu wa ku Africa muli nthambi zingapo. Akatswiri a ku South Africa atayeza mitengo yam'tchire ya banja limodzi ndi malalanje, adapeza timitundu tisanu, kalikonse kotchulidwa ndi dzina la mtengo womwe kadapezekamo: Calodendrum, Clausena, Vepris, Zanthoxylum ndi Teclea. Mitengo ya mabanja amenewa imamera m'nkhalango za kuno kwathu, ndipo Clausena anisata, ya masamba onunkha mukawafikisa, ndi yodziwika m'mphepete mwa nkhalango za m'mapiri. Ku Thyolo, komwe nkhalango ya m'phiri idadulidwa kwambiri, zigawo za nkhalango zachilengedwe zomwe zatsala zili makamaka m'maesiteti a tiyi.

Makina atanamizika

Wina angafunse kuti kusiyanaku kuli ndi ntchito yanji kwa mlimi yemwe mtengo wake ukufa basi. Yankho lili pa zomwe zidachitika kummawa kwa Africa.

Njira yoyezera yotchedwa PCR imafufuza kachigawo kakang'ono ka DNA ya bakiteriya. Cha m'ma 2015 kudamveka malipoti akuti mtundu wa ku Asia wapezeka m'malalanje a ku Uganda. Koma mu 2017 akatswiri a ku South Africa pamodzi ndi anzawo adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa masamba ochokera ku Uganda, Kenya ndi Tanzania. Atawerenga zigawo zingapo za DNA m'malo mwa chimodzi, adapeza kuti bakiteriya yemwe ankaoneka ngati wa ku Asia anali kamtundu ka mu Africa komweko, kaja ka mtengo wa Clausena. Pakachigawo komwe makina ankayang'ana, awiriwo amafanana kwambiri moti makina adalephera kuwasiyanitsa.

Kulakwitsa kotere kumapweteka mbali zonse. Dziko likalengeza molakwa kuti lili ndi mtundu wa ku Asia, likhoza kuzulitsa minda ya anthu ndi kudzitsekera misika pachabe. Likaganiza kuti chikasu chilichonse ndi matenda akale omwe tidawazolowera, mlendo woopsayo amakhazikika mwakachetechete. Ndipo mlendoyo alipodi: mtundu wa ku Asia udatsimikizika ku Ethiopia mu 2010, ndipo mu 2020 akatswiri a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Nairobi adalengeza kuti wapezeka m'chigawo cha m'mphepete mwa nyanja ku Kenya. Kachilombo ka Diaphorina citri kadalengezedwa ku Tanzania mu 2016, ku Kenya mu 2017, ku Nigeria mu 2020, kenaka ku Benin ndi Ghana mu 2023. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chakhala chikusiya mapazi chaka ndi chaka.

Kuwerenga DNA kumathandizanso kulondola mapaziwo. Mabakiteriya a mtundu umodzi ochokera m'maiko osiyana amasiyana pang'ono m'zigawo zina za chibadwa chawo, ndipo kusiyanako kumasonyeza ngati matenda adalowa kamodzi kapena kangapo, komanso njira yomwe adadzera. Dziko lodziwa njirayo limadziwa khomo loyenera kutseka.

Mpanda wa dzuwa

Thyolo ili pamalo okwera ndi ozizira, a mvula yambiri ndi chiperoni. Nyengo yokomera tiyi ndi yomweyo yokomera Trioza erytreae ndi bakiteriya wa mu Africa. Koma mukatsika phiri kulowera ku Chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, kutentha kwa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumaotcha onse awiri. Kwa zaka zambiri dzuwa lakhala mpanda waulere wa madera otsika a mu Africa. Mtundu wa ku Asia ndi kachilombo kake saopa mpanda umenewu. Akakhazikika, madera a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi, Chigwa cha Shire, komanso Mwanza ndi Neno komwe manachesi ndiwo chuma cha mabanja, onse adzakhala pambalambanda.

Madera okwera nawo asadzinamize. Kafukufuku waonetsa kuti Trioza erytreae ikhoza kunyamulanso bakiteriya wa ku Asia, ndipo ku Ethiopia bakiteriyayo adapezeka m'madera okwera momwe muli kachilombo kathu komweka. Tanthauzo lake n'lakuti ku Thyolo wonyamula katundu alipo kale. Chotsala ndi mbande imodzi yodwala yobwera pabasi, kapena kanthambi kamodzi komwe wina wapatsidwa ndi mnzake paulendo.

Anthu a m'tauni nawonso ali ndi mbali. Kachilombo ka ku Asia kamakonda mitengo iwiri yomwe imabzalidwa m'mayadi: Murraya paniculata, ya maluwa oyera onunkhira yomwe ena amachitira mpanda, ndi mtengo wa masamba a kale omwe amaika m'ndiwo. M'maiko ambiri, manazale a maluwa ndi mitengo ya pakhomo ndiwo adathandiza kachilomboka kuyenda mtunda wautali.

Zomwe chisaka chidasiya

Thyolo idaona kale filimu yotereyi. Matenda a chisaka adayamba kuoneka m'boma la Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990. Gwero lake ndi vairasi, koma kayendedwe kake n'kofanana ndi ka greening: nsabwe za nthochi zimawafalitsa pafupipafupi, anthu amawafikitsa kutali ponyamula ana a nthochi, ndipo mankhwala palibe. Atafika kummwera, minda ya ku Masambanjati, Molere ndi Thekerani, yomwe inkadzaza malole opita ku Blantyre ndi Lilongwe, idatha ngati makatani. Alangizi atabwera ndi uthenga woti nthochi zonse zizulidwe, alimi ambiri adakana, ndipo kukana kwawo kunali ndi chifukwa: munthu sazula chomwe chikumupatsabe kangachepe asanaone cholowa m'malo mwake.

Zotsatira zake aliyense wogula pamsika akuzidziwa. Dziko lomwe linkadzidalira pa nthochi lidayamba kudya zochokera ku Tanzania ndi Mozambique. Mu 2025, boma litaletsa kulowetsa zakudya zina pofuna kuteteza alimi ndi ndalama zakunja, nthochi zidali m'gulu la katundu yemwe adabutsa mkangano wamalonda ndi Tanzania. Matenda omwe adayamba ngati nkhani ya alangizi adathera pamatebulo a nduna.

Ena anganene kuti dziko lomwe likulimbana ndi njala, mtengo wa feteleza ndi kusowa kwa ndalama zakunja silingataye nthawi ndi malalanje. Mfundoyo ili ndi nzeru zake, poti chimanga ndiye moyo. Koma mtengo wa lalanje umatenga zaka zitatu kapena kuposerapo kuti uyambe kubereka, kusiyana ndi nthochi yomwe imabereka pakatha chaka. Munda wa manachesi ukafa, banja limadikira zaka zambiri. Ndipo lalanje lililonse lomwe Mwanza yalephera kubereka lidzalowedwa m'malo ndi lochokera kunja, logulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo.

Zoyenera kuchitika

Ubwino wake, zipangizo zambiri zili m'boma la Thyolo momwemo. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe ndiwo likulu la ntchito za zipatso ndi ndiwo zamasamba. Sukulu yaukachenjede ya sayansi ya MUST ili ku Ndata. Lamulo loteteza zomera lidakonzedwanso mu 2018 ndipo limapereka mphamvu zoyendera manazale ndi kuletsa kuyendetsa mbewu zodwala.

Choyamba ndi kalembera wa matendawa m'dziko lonse. Misampha yomata yachikasu, yomwe ndi yotsika mtengo, iikidwe m'mitengo ya zipatso kuyambira kuchipata cha Songwe kutsika ndi nyanja, ku Mwanza, ku Muloza, m'misika ya mbande ya m'mizinda ndi m'makomboni a maesiteti. Masamba ndi tizilombo totengedwa m'malo amenewa tiyezedwe powerenga zigawo zingapo za DNA, potengera phunziro la 2017. Zotsatira zake zilengezedwe m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina, mlimi adziwe chomwe chili m'dera lake.

Chachiwiri ndi mbande zoyera. Dziko la South Africa lidayamba ndondomeko yotsimikiza mbewu za malalanje mu 1973, ndipo ndi njira imodzi yomwe yathandiza kuti likhale pakati pa maiko otsogola pogulitsa malalanje kunja ngakhale lili ndi greening. Mitengo yotengako timaso tomezanitsira iyenera kukhala m'nyumba za ukonde momwe tizilombo sitingalowe, ndipo manazale ogulitsa mbande alembetsedwe. Izi n'zofunika kwambiri m'nyengo yobzala mitengo, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pomwe mabungwe ndi makampani amagawa mbande zambirimbiri ndi mtima wabwino. Mphatso ya mbande yosayezedwa ikhoza kusanduka tsoka la mudzi wonse.

Chachitatu chikukhudza maesiteti. Iwo ali ndi akatswiri oyendera minda tsiku ndi tsiku, komanso amafikira alimi ang'onoang'ono a tiyi zikwizikwi. Kuphunzitsa anthu amenewa kusiyanitsa tizilombo tiwirito sikungadye ndalama zambiri: ana a kachilombo kathu amakhala m'timatuza kunsi kwa tsamba, pomwe ana a ka ku Asia amatulutsa timaulusi toyera pansonga zanthete. Maesiteti alinso ndi chifukwa chawochawo. Ogula tiyi kunja amayeza zotsalira za mankhwala, ndipo anthu akayamba kupopera mitengo yawo mwachisawawa pafupi ndi minda ya tiyi, vutolo silidzathera pamalalanje.

N'chifukwa chake njira ya adani achilengedwe ndi yoyenera kuiganizira. Pachilumba cha Réunion, pomwe padali mitundu yonse iwiri ya matendawa, adabweretsa timavu ting'onoting'ono todya ana a tizilomboti: Tamarixia dryi kuchokera ku South Africa mu 1974 ndi Tamarixia radiata kuchokera ku India mu 1978. Pamodzi ndi mbande zoyera, njirayi idabwezeretsa ulimi wa malalanje pachilumbapo kwa zaka zambiri. Timavu toyambato kwawo ndi kuno kummwera kwa Africa, ndipo mankhwala opopera mosasamala amatipha limodzi ndi mdani.

Chachinayi ndi chenjezo. Kumva kuti abale a bakiteriyayu amakhala m'mitengo yam'tchire kusakhale chifukwa cholowera ndi nkhwangwa m'nkhalango zomwe zatsala. Mwa timitundu tisanu tija, ka Clausena ndiko kadapezeka kakudwalitsa malalanje kummawa kwa Africa, ndipo njira yaikulu yomwe matendawa amayendera mtunda wautali ndi mbande za m'manja mwa anthu. Nkhalango zimenezo ndizo zikusunga akasupe omwe tiyi ndi midzi ikudalira.

Chomaliza ndi chilungamo kwa mlimi. Tsiku lina padzafunika kuzula mitengo yodwala, poti mtengo wodwala wosiyidwa ndi nkhokwe ya matenda kwa anansi. Chisaka chidaonetsa kuti lamulo lozula lopanda mbande yolowa m'malo silimveka. Manazale a mbande zoyera akonzedwe lamulolo lisanatuluke, ndipo mafumu ndi magulu a alimi akhale nawo pokonza ndondomeko, kuti mudzi uzule limodzi ndi kubzala limodzi.

Ulendo wina mukaima pa Bvumbwe kapena pa Zalewa kugula manachesi, tengani chipatso chimodzi muchidule pakati. Ngati mbali zake n'zofanana ndipo njere zake n'zodzadza, mtengo womwe chachokera udakali ndi moyo. Ngati chapendekera ndipo njere zake zada, mlangizi wa m'deralo ayenera kudziwa, ndipo labotale iyenera kunena dzina la bakiteriya yemwe wachita zimenezo. Nthochi tidazizindikira minda itatha kale. Malalanje ndi manachesi adakali m'mitengo.